Za kibodi yatsopano, ng'oma ndi kaimbidwe ka pa Misa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga modekha, ndipo ndiyankha monga munthu amene wakhala akuimba m'kwaya kwa nthawi yaitali kuno ku Mchinji. Mwanena kuti kwaya yanu inagulitsa soya ndi mtedza wa m'munda wake n'kugula kibodi ndi zokuzira mawu, koma tsopano akuluakulu akudandaula kuti Misa yasanduka phokoso, achinyamata ena akufuna kuti ng'oma isiyidwe, ndiponso bambo mfumu akuuzani kuti muchepetse zoimbira pa nyengo ya Lenti. Mukufuna kudziwa amene akulondola.

Maganizo anga ndi akuti akuluakuluwo ali ndi mfundo yomveka, ndipo bambo mfumu sanapeke lamulo laolao. Kugula kibodi sikunali kulakwa ayi. Koma kwaya siikidwa m'tchalitchi kuti anthu azingoimvetsera monga zimakhalira pa mpikisano wa makwaya. Ntchito yake ndi kutsogolera akhristu onse kuti aimbe Misa pamodzi. Ngati mukufuna kudziwa mmene zinthu zilili kwanuko, Lamulungu likudzali mutume mmodzi wa inu kuti akakhale kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala amayi obereka makanda ndi agogo amene ayenda mtunda wautali. Ikakwana nthawi ya "Woyera, Woyera" ayang'ane pakamwa pa anthu. Akaona kuti ambiri akungogwedeza mapewa milomo ili chitsekere, ndiye kuti zoimbira zanu zalanda malo a anthuwo, ngakhale woliza kibodiyo atakhala katswiri chotani.

Zosiya ng'oma ndikuzikana kwamtuwagalu. Pamene ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo zinakhala choncho kwa zaka zoposa 60. Zinthu zinasintha ndi Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Chikalata chake chokhudza chipembedzo, Sacrosanctum Concilium, chimene chinatuluka pa 4 Disembala 1963, chimanena mu ndime 119 kuti mitundu ya anthu imene ili ndi maimbidwe akeake, makamaka m'maiko a mishoni, maimbidwewo alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Ndime 120 imayamikira limba lalikulu la mipope, koma imalolanso zoimbira zina ngati aepiskopi avomereza, malinga zikhale zoyenera nyumba ya Mulungu ndiponso zothandiza akhristu kupemphera. Ng'oma, zisekese ndi maseche zimene timaziona lero pafupi ndi guwa zinalowera pa khomo limeneli, ndipo makolo athu mu mpingo anakhetsa thukuta kupeka nyimbo zogwirizana nazo. Sindikuona chifukwa choti ife tizitulutse chifukwa chakuti tapeza chipangizo cha magetsi.

Kumene ndikuona kuti kuli gwero la madandaulo a akuluakulu anu ndi ku biti imene imalira yokha m'kibodi munthu akangodina batani. Woomba ng'oma ali ndi makutu ndi maso. Akamva kuti anthu akutsalira amadekhetsa manja, mzere wa chopereka ukatalika amapitiriza osathamanga, ndipo akaona kuti wansembe watha kusamba m'manja amadziwa kuti nyimbo ikuyenera kutha pa ndime imeneyo. Biti ya m'kibodi siimva kanthu; ikayamba liwiro limodzi imapita nalo mpaka kumapeto, ndipo agogo amene amafuna kupuma pakati pa mizere amangosiya kuimba. Kuwonjezera apo, nyimbo zathu zambiri zinapekedwa motsatira kayendedwe ka magule a kwathu kuno, monga chimtali ndi chitelele, pamene wina amatsogolera ena n'kumavomera, pomwe mabiti ambiri a m'kibodi anakonzedwera nyimbo za kwina. Woliza akakakamiza nyimbo yotere kuti ilowe mu biti yosakhala yake, mawu amaduka pamalo polakwika, ndipo munthu amene waimba nyimboyo kuyambira ali mwana amaimva ngati yachilendo. Uphungu wanga ndi wakuti pa Misa biti imeneyi muizimitse. Kibodi ilire ndi mawu a limba, igwire kiyi ndi kuchirikiza mawu anayi a kwaya (soprano, alto, tena ndi besi), ndipo liwiro la nyimbo mulisiye m'manja mwa woomba ng'oma ndi amayi a zisekese. Zipangizo ziwirizi zimagwirizana bwino kwambiri chilichonse chikadziwa ntchito yake.

Muonenso kiyi imene mumayambira. Kawirikawiri kwaya imasankha kiyi yokomera atsikana a soprano, amene amakwera mosavuta, koma abambo ndi amayi achikulire, makamaka pa Misa ya m'mamawa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, safika pamwamba pamenepo. Kutsitsa nyimbo pang'ono kumabweza anthu ambiri amene anali atasiya kuimba. Za zokuzira mawu ndinene mwachidule: ngati woliza kibodi sakumva mawu a anthu a m'tchalitchi pamwamba pa chipangizo chake, atsitse. Malangizo a mpingo okhudza nyimbo za chipembedzo, otchedwa Musicam Sacram, a mu 1967, amanena momveka kuti zoimbira zisakwirire mawu mpaka anthu kulephera kumva zimene zikuimbidwa, ndiponso kuti zikhale chete pamene wansembe akunena mokweza mapemphero a udindo wake. Choncho chizolowezi chimene chikufala choliza kibodi chapansipansi pa nthawi ya pemphero la Ukaristia, ngakhale chimachitika ndi mtima wabwino, n'chosaloledwa.

Tsono za Lenti. Malangizo a m'buku la Misa, mu ndime 313, amati pa Adventi zoimbira zigwiritsidwe ntchito mosapitirira, ndipo pa Lenti zilire pongochirikiza kuimba basi, kupatula Lamulungu lachinayi la Lenti ndi masiku a zikondwerero. Tanthauzo lake n'lakuti pa nyengoyi kibodi isamalire payokha anthu asakuimba, ndipo zokometsera zonse zija zimene woliza amaika pakati pa ndime azisunge. Pa Malamulungu a Lenti sitiimba "Ulemu kwa Mulungu", ndipo "Aleluya" timamusiya nyengo yonseyo. Pa Lachinayi Loyera timaimba "Ulemu" mabelu akulira, kenaka mabeluwo amakhala chete mpaka "Ulemu" wa usiku wa Pasaka. Mpingo unakonza dala zimenezi kuti khutu nalonso lisale pamodzi ndi mimba. Tchalitchi chimene chasunga bwino masiku 40 amenewa chimadziwika usiku wa Loweruka Loyera, pamene makandulo ayaka, mabelu ayamba kulira, ng'oma zalowa ndi mphamvu, amayi akululutira ndipo atsikana ovina atsogola. Koma ngati mwakhala mukuliza zonse mofanana kuyambira Lachitatu Laphulusa, usiku umenewo sumasiyana ndi Lamulungu lina lililonse.

Pali kanthu kena kamene simunafunse, koma kakukhudzana ndi nkhaniyi. Kwaya ikazolowera kibodi, pakapita miyezi yochepa imaiwala kuyamba nyimbo yokha. Tsiku limene magetsi athima, batire latha, kapena woliza wapita kumaliro, mumaona otsogolera akuyang'anana wansembe ali chiimire pakhomo ndi otumikira. Pophunzira nyimbo mkati mwa sabata, muziyamba mwaimba popanda chipangizo chilichonse mpaka soprano, alto, tena ndi besi aliyense atagwira mzere wake, kenaka mulowetse ng'oma, kibodi ibwere pomaliza. Muphunzitsenso achinyamata awiri kapena atatu kuliza, atsikana omwe, kuti chipangizo chimene munagula ndi thukuta la kwaya yonse chisakhale ngati cha munthu mmodzi, pakuti mikangano yambiri ya m'makwaya imayambira pamenepo.

Musanafike Sabata Loyera, apampando a kwaya, woliza kibodi ndi woomba ng'oma apite kwa bambo mfumu pamodzi ndi a komiti ya chipembedzo, atanyamula mndandanda wa nyimbo zimene mwasankha mutawerenga mawu a Mulungu a masikuwo. Muitanenso awiri mwa akuluakulu amene akudandaulawo, muwapemphe kuti atchule nyimbo zakale zimene akuzisowa, chifukwa ambiri mwa iwo amazidziwa pamtima ndime zonse ndipo angakuphunzitseni. Pa mndandandawo muonetsetse kuti mawu a "Ulemu", "Woyera" ndi "Mwana wa Nkhosa" ndi omwewo a m'buku la Misa, osati osinthidwa kuti agwirizane ndi nyimbo, ndiponso kuti salimo la pakati pa mawerengo silinalowedwe m'malo ndi nyimbo ina.