Olivares kapena Zarate? Pa bawo ya ku Mpondasi mwaiwala munthu mmodzi

Imelo yandipeza kuchokera kwa mbale wina wa ku Mpondasi, konkuno ku Mangochi. Akuti madzulo akakhala pa bawo ndi anzawo, mkangano umene sukutha ndi wa akatswiri akale a nkhonya za bantamweight. Ena akuti Ruben Olivares analibe mnzake, ena akakamira pa Carlos Zarate. Ndiye akundifunsa kuti wamkulu ndani pa awiriwa, nanga chinawagwetsa msanga chonchija n'chiyani.

Achimwene, tiyambe ndi sikelo, chifukwa yankho la funso lanu lachiwirilo lagona pomwepo. Wankhonya wa bantamweight sayenera kupitirira makilogalamu 53.5. Munthu wamkulu, wandevu zake, azilemera ngati thumba limodzi la chimanga n'kakuwonjezera pang'ono. Masiku amenewo ankakwera sikelo tsiku lomwelo la nkhonya, choncho amene thupi lakula ankadzimana madzi ndi chakudya, n'kulowa m'bwalo ali wouma kukhosi. Ife a kuno, amene timadziwa dzuwa la Okutobala komanso kuona abale athu akusala pa Ramadani, sitifunika kuuzidwa mmene miyendo imalobodokera munthu akakhala osamwa madzi. Ndiye taganizani kumenyana maraundi 15 muli choncho.

Pa awiri anuwo ine nditenga Olivares, koma Olivares wa mu 1969. Chaka chimenecho anakomola Lionel Rose wa ku Australia m'raundi yachisanu ku Inglewood n'kutenga lamba. Chibakera chake chakumanzere chinkabwera mokhota, kaya m'nthiti kaya m'chibwano, ndipo sankabwerera m'mbuyo. Vuto linali kunja kwa bwalo. Ankakonda mowa ndi zisangalalo, ndipo iye mwini sankabisa. Chucho Castillo anamulanda lamba mu 1970 chifukwa cha bala la pachikope, iye n'kulibweza mu 1971, koma pofika 1972 Rafael Herrera anamukomola m'raundi yachisanu ndi chitatu. Thupi lokana sikelo, mwini wake wokana kugona msanga. Anakwera ku featherweight, gulu lolemererapo, n'kupatanso malamba, komabe sanaopsenso ngati kale, ndipo Alexis Arguello anamugwetsa m'raundi ya 13 mu 1974.

Zarate anali wina. Wamtali, wodekha, wosataya chibakera pachabe, ankamuyeza munthu kaye ngati mmisiri woyeza thabwa la boti. Pa nkhonya 66 zimene anapambana, 63 anachita kukomola. Anzanu omuikira kumbuyo ali ndi mfundo, makamaka akatchula za mu 1977 pamene anathana ndi Alfonso Zamora m'maraundi anayi okha, onse awiri asanagonjepo chiyambire. Koma kugwa kwake kumandipweteka mwa mtundu wina. Mu 1978 anakwera ku gulu lolemererapo kukakumana ndi Wilfredo Gomez ku Puerto Rico, ndipo anamenyedwa koopsa mpaka nkhonya kuimitsidwa m'raundi yachisanu. Chaka chotsatira, poteteza lamba wake wa bantamweight, anagwetsa pansi Lupe Pintor ku Las Vegas, ambiri oonera n'kumati wapambana, koma majaji awiri mwa atatu anapereka lamba kwa Pintor. Zarate anakhumudwa n'kupachika magolovesi. Pobwerera mu 1986 nthawi yake inali itapita. Ameneyu sanathe mphamvu ayi, anathyoka mtima.

Tsopano munthu amene mwamusiya. Ndikanakhala pa bawo yanuyo ndikanaimitsa masewero n'kutchula Eder Jofre wa ku Brazil. Anatenga lamba mu 1960 atakomola Eloy Sanchez, ndipo kwa zaka pafupifupi zisanu panalibe womusuntha. Zimene Olivares ndi Zarate anagawana, Jofre anali nazo yekha. Ankamenya m'mimba ngati Olivares, ankadekha ngati Zarate, ndipo ankadziwa kubisa chibwano kuposa onse awiri. Pa nkhonya zake zonse zaukatswiri anagonja kawiri kokha, kwa munthu mmodzi, Fighting Harada wa ku Japan, mu 1965 ndi 1966, maulendo onse awiri pa mapointi, ndipo onse awiri kwawo kwa Harada. Palibe anamukomolapo.

Sindikufuna kumuchepetsa Harada. Anali ngati mwera wa mu Julayi pa nyanja yathuyi, osakupatsa mpata wopuma, ndipo wopambana kawiri sungamunene kuti ndi mwayi. Koma Jofre pa nthawiyo anali akulimbana ndi sikelo kwambiri. Umboni wake ndi zimene zinatsatira. Atapuma zaka zitatu anabwerera mu 1969 ku featherweight, kumene thupi linkaloledwa kudya, ndipo mu 1973, ali ndi zaka 37, analanda lamba wa bungwe la nkhonya la WBC kwa Jose Legra. Munthu wotha mphamvu sachita zimenezo. Sanagonjenso mpaka anasiya. Anamwalira mu 2022.

Onaninso mmene lambayo anayendera: Jofre kupita kwa Harada, Harada kwa Rose mu 1968, Rose kwa Olivares. Choncho amene akuimbira m'manja Olivares akutamanda lamba amene Jofre anayamba wamulemeretsa.

Ndikudziwa kuti achinyamata a pa bawopo atchula Naoya Inoue, amene anasonkhanitsa malamba a bantamweight a mabungwe onse anayi akuluakulu a nkhonya mu 2022. Ndi katswiri weniweni, ndipo nkhonya yake yoyamba ndi Nonito Donaire mu 2019 ndaionera kangapo. Koma iye amayezedwa dzulo lake n'kugona atadya, ndipo amamenya maraundi 12. Kuwaika pa mzere umodzi ndi akalewo n'kuwalakwira onse.

Mukapeza bandulo, achimwene, sakani pa YouTube nkhonya ya Jofre ndi Jose Medel ya mu 1960 ku Los Angeles. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, koma muwaonetse anzanuwo mpaka raundi ya 10, ndipo maso awo akhale pa nthiti za Medel.