Kodi agogo analandira 666 pamene anabayitsa katemera?

Mayi wina wa kufupi ndi Chitakale, kuno ku Mulanje, wandilembera pa imelo. Apongozi ake anabayitsa katemera wa Covid-19 mu 2021. Posachedwapa anamva wina akulalikira pamapemphero a m'mudzi kuti katemerayo amasintha chibadwa cha munthu, kuti ndiye chizindikiro cha chilombo, ndipo wobayidwa sakalowa kumwamba. Gogoyo tulo sakutiona, ku mgonero anasiya kupita. Mayiyo nayenso wayamba kuzengereza kupita ndi mwana kusikelo. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona.

Mayi, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Chandiwawa kwambiri m'kalata yanu ndi gogo amene wapemphera moyo wake wonse, lero n'kumaopa gome la Ambuye.

Tsegulani Chivumbulutso 13, koma musayambire pa vesi 16 monga amachitira ambiri. Yambirani pamwamba. Muona kuti mawu amene akubwerezedwabwerezedwa ndi akuti kulambira. Anthu akulambira chilombo, akulambira fano lake, ndipo okana akuphedwa. Chizindikiro cha padzanja lamanja kapena pamphumi chikubwera pambuyo pa zonsezo. Mutu 14 vesi 9 nawonso ukuika ziwirizi pamodzi, kulambira ndi kulandira chizindikiro. Yohane analemba bukuli ali pachisumbu cha Patmos, kulembera mipingo isanu ndi iwiri ya m'dera lomwe lero ndi dziko la Turkey. Akhristu a kumeneko ankakhala pansi pa ufumu wa Roma, kumene mfumu inkapembedzedwa ngati mulungu. Akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti dzina la mfumu ina ya Roma, Nero Kaisara, likalembedwa m'zilembo za Chihebri, zomwe zimaimiranso manambala, limawerengeka 666, ndipo mipukutu ina yakale ili ndi 616. Ena amakhulupirira kuti ulosiwu ukudikirabe kukwaniritsidwa kwina, ndipo sindikangana nawo pano. Koma onsewa sangathawe zimene lembalo likunena: chizindikiro amalandira munthu amene wasankha yekha womugwadira. Onaninso Deuteronomo 6:8, pamene Aisraeli akuuzidwa kumanga mawu a Mulungu padzanja ndi pamphumi. Dzanja ndi ntchito zako, mphumi ndi maganizo ako. Apongozi anu anagwadira yani tsiku lija? Anaima pamzere, anapinda mkono wa bulauzi, anabwerera kwawo kukaphika. Sanakane Khristu.

Za chibadwa ndifotokoze ndi zimene timaona kuminda ya tiyi. Buku lalikulu la ntchito limakhala mu ofesi, lotsekeredwa. Kapitawo amangopita kumunda ndi kapepala ka ntchito ya tsikulo, ntchito ikatha kapepalako amakataya. M'thupi mwathu, buku lija ndi DNA, ndipo limakhala m'kachipinda ka pakati pa selo (maselo ndi tinthu ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu). Katemera wa mRNA, monga wa Pfizer, ali ngati kapepala kaja. Salowa m'kachipindako. Amauza thupi kuti lipange kachidutswa kofanana ndi minga ya kachilombo ka corona, chitetezo cha m'thupi n'kukazindikira, kenako uthengawo umasungunuka. Sichinthu cha dzulodzulo ayi: asayansi awiri, Katalin Karikó ndi Drew Weissman, anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri asanalandire mphoto ya Nobel mu 2023.

Mwinanso gogo sanalandire n'komwe wa mRNA. Katemera woyamba kufika m'Malawi, mu Malichi 2021, anali wa AstraZeneca, wopangidwa mwanjira ina, ndipo Dr Lazarus Chakwera, amene anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God, anabayitsa poyera anthu akuona. Onani pakhadi lawo la katemera ngati lilipobe.

Sindikunamizani kuti katemerayu alibe vuto lililonse. Ambiri anamva kuwawa mkono, kutentha thupi ndi kufooka tsiku limodzi kapena awiri. Anthu ochepa kwambiri anaundana magazi atalandira wa AstraZeneca kapena wa Johnson & Johnson, ndipo ena ochepa, makamaka anyamata, anatupa mnofu wa mtima atalandira wa mRNA. Mavutowa ankaoneka m'masiku kapena masabata oyambirira. Ngati gogo akudwala lero, apite kuchipatala akapimidwe magazi, shuga ndi BP, osati kukhala m'nyumba n'kumati ndi chilango.

Tsono za mwana wanu, Mayi, apa ndiye ndikukupemphani mogwada. Katemera wa kusikelo, wa chikuku, wa poliyo, wa kafumbata, si wa mRNA, ndipo inu ndi ine tinakula naye. Poliyo tinkayesa anatheratu, koma anapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe mu 2022. Tengani kabuku ka kusikelo sabata ino, mlangizi wa zaumoyo akuonetseni katemera amene mwana waphonya.

Kwa apongozi anu, musawatsutse ndi sayansi, sizimene zikuwasowetsa tulo. Khalani nawo pakhonde madzulo, muwawerengere Aroma 8 kuyambira vesi 35 mpaka kumapeto, pang'onopang'ono. Mukatero kawauzeni abusa kapena mkulu wa mpingo amene gogo amamukhulupirira, abwere adzawachezere mgonero wina usanafike.