Khalidwe la Ana: Kodi Phunziro Limodzi Likwanira?

Funso: Ndimaphunzitsa ana za ulemu kamodzi pa sabata. M'kalasi amayankha bwino, koma nthawi yopuma ikangokwana amatukwanana ndi kulandana zinthu. Ndipange bwanji? – Mphunzitsi wa ku pulayimale

Yankho: Aphunzitsi, sankhani khalidwe limodzi lokha, monga kudikira mnzako amalize kulankhula, ndipo mulimbikire pomwepo masabata 2 musanawonjezere lina. M'mawa imani pakhomo, mupatse moni mwana aliyense pomutchula dzina. Mphindi 5 zoyambirira, ana awiri asonyeze khalidwelo anzawo akuona.

Nthawi yopuma ndiye yofunikitsitsa, koma aphunzitsi ambiri amakhala ali mu ofesi. Tulukani, mukaime pamene ana amamwera madzi kapena pamzere wa kuchimbudzi, poti mikangano imayambira pokankhana. Mukaona wina wathandiza mnzake amene wagwa, tchulani chimene wachitacho: "Wamudzutsa mnzako, wamusansa fumbi." Kungoti "mwana wabwino" sikumuuza choti abwereze mawa.

Wolakwa mulankhule naye pambali, chifukwa mukamudzudzula pagulu manyazi amamuumitsa mutu. Akonze chimene wawononga: abweze pensulo, apepese akumuyang'ana mnzakeyo. Inunso mukachedwa kulowa m'kalasi, pepesani pamaso pawo musanayambe phunziro.