Za DJ pa nikaha ya mwana wanu ku Kamwendo

Wa alaikum salaam achemwali. Mwafunsa ngati nyimbo ndi zololedwa m'Chisilamu, popeza akuchimuna akuumirira kuti pa nikaha (ukwati wa Chisilamu) ya mwana wanu pabwere DJ, komanso mwafunsa za holo ku Mchinji boma. Za holo akuyankhani eni dera, ine ndili ku Kasungu kuno. Koma za DJ ndiye ndimvereni, chifukwa zinandigwera pakhomo.

Ena m'gulu muno angolemba liwu limodzi loti "haramu" n'kuthawa, ngati kuti mayi amene akusowa tulo ndi ukwati wa mwana wake angathandizike nalo. Zimene tinaphunzira kwa mashehe athu ndi izi. Maulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri a mazihabu anayi aja (magulu a kamvedwe ka malamulo a Chisilamu), kuphatikizapo a Shafi'i omwe ambirife timatsata, amaletsa zida zoimbira monga magitala ndi zitoliro. Amatsamira pa ayah 6 ya Surah Luqman m'Qur'an, imene swahaba (mnzake wa Mtumiki) Ibn Mas'ud anati ikunena za kuimba, ndi hadisi (mawu a Mtumiki) ya m'buku la Bukhari yoti kudzabwera anthu odzaloleza chiwerewere, silika, mowa ndi zida zoimbira. Analipo ena monga Ibn Hazm wa ku Andalusia, amene anamwalira mu 1064, omwe anati hadisiyo si yokwanira kuletsera, koma amenewo ndi ochepa. Chimene pafupifupi onse savutana nacho ndi dufu (kang'oma ka m'manja) ndi nyimbo za mawu abwino pa ukwati ndi pa Eid. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, ataperekeza mkwatibwi kwa mwamuna wa chi-Ansari (Asilamu a ku Madina), Mtumiki (s.a.w) anawafunsa ngati analibe chosangalatsa, poti ma-Ansari amakonda zosangalatsa. Choncho ukwati wa Msilamu si maliro ayi, anthu asangalale.

Vuto ndi DJ. Pa ukwati wa mng'ono wanga cha ku Chinkhoma tinagonjera achibale a mwamuna, tikuti zisakule. Mnyamatayo tinangogwirizana naye pakamwa kuti aziika nyimbo zaulemu, ndipo tinamulipira zonse asanayambe, cha m'ma K80,000 nthawi imeneyo. M'mawa anali bwinobwino. Perekaniperekani atangoyamba, munthu anasintha. Zinalowa nyimbo zija mawu ake sungabwereze pamaso pa apongozi, ana aang'ono akuimba nawo mokweza. Azana (kuitanira ku mapemphero) ya Asr itamveka kumzikiti, tinamutumira anthu katatu kuti atsitse, iye akungogwedeza mutu kuti nyimbo ithe kaye. Phokosolo linakoka anyamata ochokera kumalo omwera mowa, analowa mpaka mbali ya amayi akuvina ndi mabotolo m'manja. Shehe amene anamangitsa nikaha ananyamuka mwakachetechete, mpunga osaulawa. Mafoni awiri anasowa. Mayi athu analira usiku umenewo, ndipo mabanja awiriwa anatha miyezi akulonjerana mokakamiza. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa tsiku limene linayenera kukhala la madalitso tinaliwononga ndi ndalama zathu zomwe.

Ndiye malangizo anga ndi akuti funani gulu la amayi kapena atsikana a madrasa oimba kaswida (nyimbo zachipembedzo) ndi dufu. Funsani kumzikiti wanu wa Ijumaa, amayi a dawa amawadziwa. Pa ukwati wa mwana wa achimwene anga tinachita zimenezi. Tinawapatsa thiransipoti, chakudya ndi kangachepe, zonse pamodzi sizinapitirire kwenikweni K70,000, kupatula masipika ndi maikolofoni omwe tinabwereka padera. Mitengo yakwera, ndiye muwonjezerepo. Ndipo asakunamizeni kuti popanda DJ perekaniperekani sayenda. Anayenda, agogo amene amakhala kumbuyo chifukwa cha phokoso anaimirira n'kudzaponya zawo.

Akuchimuna akakanitsitsa, musakangane nawo nokha pafoni. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi pamodzi ndi shehe amene adzamangitse nikahayo, iye anene zimene angalole. Zikagwirizanidwa kuti masipika abwere, nyimbo musankhe nokha muike pa fulashi, woyendetsa makinawo asabwere ndi zake. Mulipireni theka, theka lina mwambo ukatha. Woyendetsa mwambo akhale wodziwa nthawi za swala, ndipo pambali pa makina pakhale m'bale wanu wamwamuna wosachita manyazi kuzula chingwe azana ikayamba. Dzuwa likamalowa zonse zitsekedwe, chifukwa zoipa zambiri zimayamba kukada.

Chinanso, fufuzani msanga ngati banja la mwamunalo ndi la Asilamu a gulu la Qadiriya. Iwo amakonda sikiri (kutamanda Mulungu moimba ndi kuvina) pa zochitika zawo, pomwe ena savomereza, ndipo ndaonapo anthu akukwiyirana pa nkhani imeneyi kuposa ya DJ yomwe. Ndi bwino zidziwike lero kusiyana ndi kudzatulukira pa tsikulo.

Mwati ukwati ndi wa mu Ogasiti. Imeneyo ndi nyengo imene anthu agulitsa fodya, soya ndi mtedza, maukwati amachuluka Loweruka lililonse, ndiye gulu la kaswida mulilankhule panopa lisanatengedwe. Jenereta ndi petulo wake mukonzeretu, magetsi akathima maikolofoni ija ndi chitsulo chabe.