Chomwe anthu amaifera Eldorado ya 1976

Achimwene mwafunsa kuti anthu amaiferanji galimoto ya Cadillac Eldorado ya 1976 yotsitsa denga ija pomwe imamwa mafuta koopsa. Zoona imamwadi, injini yake ndi V8 (ya masilinda 8) yokula malita 8.2, koma tangoiyang'anani, kutalika kupitirira mamita 5 ndi theka, mukatsitsa denga anthu sikisi mumakhala motakasuka kamphepo kakukupemererani, mabampu osawamva n'komwe. Chaka chimenecho anapanga 14,000 ndipo ankaitsatsa kuti ndi yomaliza yamtunduwu ku America, anthu anachita kulimbirana. Komanso dzinalo si lamasewera ayi, kampani ya Cadillac inayamba mu 1902 ku Detroit, ndipo mu 1912 ndi iwowa anabweretsa sitata yamagetsi, anthu n'kusiya zopukusa chitsulo kutsogolo poliza galimoto. Ineyo ya mtundu woyera imandigwira mtima heve.