Kodi anthu angadzipangire okha malamulo popanda aphungu?

Funso: Akonzi, ndinamva zoti kuli ulamuliro umene anthu wamba amavotera okha malamulo osadzera mwa aphungu. Kodi zinachitikadi, nanga lero zilipo?

Yankho: Zinachitikadi, ndipo chitsanzo chotchuka ndi mzinda wa Athens ku Greece, kuyambira cha m'ma 508 BC pamene mtsogoleri wina dzina lake Cleisthenes anasintha kayendetsedwe ka boma. Nzika zinkasonkhana pa kaphiri ka Pnyx, pambuyo pake mpaka ka 40 pachaka, kumva mfundo n'kuvota pokweza manja. Nkhani zokambidwa zinkakonzedwa ndi khonsolo ya anthu 500 osankhidwa mwa maere kwa chaka chimodzi. Tikati nzika musaganize aliyense: akazi, akapolo ndi obwera analibe mawu.

Chimene chinkavuta ndi changu cha khamu likapsa mtima. Mu 427 BC, mzinda wa Mytilene utawagalukira, msonkhano unagamula kuti amuna onse akumeneko aphedwe, chombo n'kunyamuka ndi lamulolo. Kutacha, mitima itatsika, anavotanso n'kubweza chigamulo. Chombo chachiwiri chinapalasa usana ndi usiku, n'kukafika anthu asanayambe kuphedwa.

Lero yang'anani ku Switzerland. Aphungu aliko, koma mawu omaliza ndi a anthu. Nyumba ya malamulo ikapanga lamulo, osagwirizana nalo ali ndi masiku 100 oti asonkhanitse masiginecha 50,000. Akakwana, lamulolo limapita ku riferendamu. Ofuna kusintha malamulo aakulu a dziko amafunika masiginecha 100,000 m'miyezi 18, ndipo kuti apambane mavoti ayenera kuchuluka pawiri: m'dziko lonse komanso m'zigawo zambiri, kuopa kuti zigawo za anthu ambiri zingamapondereze zazing'ono. Mavoti otere amachitika pafupifupi kanayi pachaka, ndipo asanavote aliyense amalandira kabuku kofotokoza mbali zonse ziwiri. Ife tikuona kuti mphamvu ya dongosololi ili m'kuchedwetsa kumeneku, komwe ku Athens kunalibe tsiku lija.

Ku Glarus ndi ku Appenzell Innerrhoden, zigawo ziwiri za ku Switzerland komweko, anthu amasonkhanabe pabwalo kamodzi pachaka n'kukweza manja. N'zokongola kuona, koma voti yachinsinsi palibe. Abwana anu akuona pamene mwakweza dzanja.

Ambiri akhozanso kumana ena ufulu. Amuna a ku Switzerland anakana mu 1959 kuti akazi azivota, n'kudzavomera mu 1971, ndipo ku Appenzell Innerrhoden mpaka khoti linachita kulamula mu 1990 kuti akazi azivotanso pa nkhani za m'chigawomo.

Vuto lina ndi kafunsidwe. Riferendamu imangofuna "inde" kapena "ayi". Ku Britain mu 2016, anthu 52 pa 100 alionse anavota kuti dziko lituluke mu European Union, koma pepala lovotera silinanene kuti lituluka motani. Aphungu anakokanakokana pa funso limeneli zaka zoposa zitatu, dziko n'kudzatuluka mu 2020.