Kodi phiri la Nyangani limamezadi anthu?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare, wanditumizira imelo. Akuti akufuna kupita ndi ana ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, pa holide ya Ogasiti, koma apongozi awo awaopseza kuti phiri la kumeneko limameza anthu. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati kuli china choti n'kuona kupatula phirilo.

Mayi, pitani ndithu, koma mawu a apongozi musawataye kutali. Nyangani ndi phiri lalitali kuposa onse mu Zimbabwe, mamita 2,592, ndipo anthu anasowadi kumeneko. Mu 1981 munasowa atsikana awiri, mu 2014 munasowanso mlendo wina wodzaona malo, ndipo onsewa sanapezeke mpaka lero. Amanyika, eni dera, amati phirilo ndi la mizimu: osatukwana, osaseka chachilendo chimene waona, osaloza chala. Ife amene makolo athu anachokera ku Mulanje sitidabwa nazo, poti za Sapitwa tinazimva tili ana.

Ine chimene ndimaopa kwambiri ndi nkhungu. Pamwamba pa Nyangani ndi pa thengo la udzu, miyala ndi madambo, popanda mitengo yoti n'kukumbukira njira. Kumatha kukhala ngwee, kenako nkhungu n'kugwa mwadzidzidzi mpaka mnzako amene ali pafupi osamuonanso. Pamenepo ukasiya njira pang'ono, kum'mawa kuli maphompho. Choncho lembetsani maina kwa a ZimParks, oyang'anira malo osungira zachilengedwe, tengani wokuperekezani, yambani m'mawa, ndipo ana asathamangire kutsogolo. Malamulo a eni dera atsatireni, sakudyerani ndalama.

Ulendo wake si wovuta. Kuchokera mu Harare mumadzera ku Marondera mpaka ku Rusape, n'kukhotera kumanzere kulowera ku Juliasdale. Mabasi amanyamukira ku Mbare Musika, koma malo oona ndi otalikirana, ndiye popanda galimoto mudzavutika.

Ambiri amathera pa World's View, malo okwera oonerapo patali pafupi ndi Troutbeck, kujambulitsa, n'kubwerera. Ena amafika ku mathithi a Mutarazi, aatali kuposa onse m'dziko muno, kumene madzi amagwera m'chigwa cha Honde chomwe amalimako tiyi. Malo onsewa ndi okongola, sindikukana. Koma kwa ana asukulu, ine ndingasankhe ku Ziwa.

Ku Ziwa mapiri onse ndi omangidwa ndi miyala. Anthu akale ankaunjika miyala m'mizeremizere kuti dothi lisakokoloke, n'kumalima m'malo otsetsereka amene lero munthu sangaganize zoikamo khasu. M'midzi yawo ankakumba maenje omangidwa ndi miyala, olowera pa kanjira kopapatiza ka pansi, ndipo akatswiri ambiri amati ankasungamo ng'ombe zazing'ono. Azungu ena akale ankanena kuti anali maenje a akapolo, poti zinkawavuta kuvomereza kuti anali alimi anzeru basi. Pamalopo pali kanyumba kosungiramo zakale, ndipo amayang'anira ndi a National Museums and Monuments. Msewu wake ndi wafumbi, nthawi ya mvula umavuta.

Anawo muwauzenso za Mfumu Rekayi Tangwena wa ku Kaerezi, kuseri kwa Nyangani. Boma la azungu la Ian Smith linkamuthamangitsa pa malo a makolo ake, kugwetsa nyumba, iye n'kumabwerera ndi anthu ake kukamanganso. Ndiye amene anaolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kulowa ku Mozambique mu 1975. Mukafika m'midzi ya kumeneko, yambani mwapereka moni ndi kuomba m'manja musanatulutse foni yojambulira.

Za Ogasiti, kumazizira koopsa, makamaka usiku, ndipo juzi la mu Harare silikwanira. Tengani majekete, zipewa ndi mabulangete oonjezera. Pobwerera musiye malo m'galimoto, mbatata ya kachewere ndi maapozi a m'mbali mwa msewu ku Juliasdale mudzazifuna.